Doko la ku Wimbe

"Nyanjayo tiitenga kuti, mwana iwe?"

"Damu lija timathirira nazale ya fodya, amalume. Si madzi omwewo?" anayankha Nthanda.

Amalume akewo, a Duncan, anagwira pakamwa. Bungwe lina linkagawa makina odzutsa mtima ukaima, koma m'madoko a asodzi mokha. Nthanda, poganizira bambo ake amene mtima unkawavutavuta, analemba pa fomu kuti ku Wimbe kuli doko la piringupiringu. Tsopano bungwelo linkatumiza munthu kudzaliona Lachisanu.

Lachisanu alimi anakoleka maneti a udzudzu m'mapewa. A Raymond, odziwika ndi kuopa madzi, anakhala m'chomwera ng'ombe pamtunda n'kumapalasa ndi khasu. Usipa unagulidwa ku Chamama, ndowa ziwiri.

"Mungouika pooneka," anatero Nthanda kwa a Duncan, n'kuthamangira kumsewu kukachingamira mlendo.

Mayi Zuwena a kubungwe anatsika galimoto makina ali m'manja. Anayang'ana a Raymond, anatsokomola, n'kupitirira. Mtima wa Nthanda unayamba kukhala pansi.

Basi a Duncan anatulukira akumwetulira, n'kuitanira mlendoyo kuchigafa cha fodya. M'menemo munali usipa wosokedwa ndi singano uwiriuwiri, utapachikidwa pa mikangala mpaka kudenga.

"Magiredi tasankha kale, mayi," anatero a Duncan monyadira. "Wofiirirawu ndiye wapamwamba. Ukafewa ndi mame, mawa tidinda mabelo."

Mayi Zuwena, amene anakulira kunyanja, anakumbatira makina aja mwamphamvu n'kutembenukira kwa Nthanda.

"Achemwali, pamudzi pano alipo amene anaionapo nsomba yamoyo?"