Kansalu Kofiira pa Mkono wa Valdir

Neide anali atalemba kale zonse za ulendo wawo papepala: masiku atatu mumzinda wa kunyanja wa Salvador, kusambira, kudya nsomba, kudzuka dzuwa litakwera. Mwamuna wake Valdir anaweramira pamapu n'kuloza kamsewu kena. "Apa pali nkhanu zokoma zedi. Tikadyeko."

Potambasula dzanjalo, mkono wa malaya unakwera, ndipo Neide anaona kansalu kofiira, kaja amagulitsa pa tchalitchi cha Bonfim ku Salvador komweko. Mfundo zitatu, zomangidwa mwachikondi. Ndani sadziwa kuti kansaluko munthu sadzimanga yekha? Amakumanga munthu wina, iwe n'kumapempha zinthu zitatu chamumtima.

"Unati ku Salvador unapitira msonkhano wakuntchito," anatero Neide. "Anakumanga ndani?"

"Wogulitsayo, mayi. Nkhalamba yeniyeni, mano onse anatha."

"Nkhalambayo manja ake ngaluso." Neide anatulutsa sizasi m'dilowa. "Bwera nako kuno."

Valdir anabisa mkono kumbuyo. "Iwe, ukadula, zomwe ndinapempha sizichitika!"

Neide anamuyang'anitsitsa, kenako anaika sizasi pansi pang'onopang'ono. "Chabwino. Tikafika Loweruka ukandisonyeze nkhalambayo, inenso indimange."

Valdir anakanda m'mutu. "Komatu akuti mwezi uno ku Salvador kukugwa chimvula."