Laputopu Yasiya Mkonono

Adalakwa ndi Trevor. Adatenga laputopu ya malemu apongozi ake osapempha, n'kuisintha m'kati.

"Taonani, amayi," adatero monyadira. "Kachipangizo koonetsa zithunzi kamadya magetsi ambiri, ndiye ndakachepetsera mphamvu. Sikutenthanso, batire likukhalitsa, fani nayo yasiya phokoso."

Mayi Kowalchuk, akazi a malemuwo, adaikhudza. Inali yozizira ngati chipale chofewa chili pakhondepo.

"Wakutumani ndani, akamwini? Bwezerani mmene inalili!"

"Aa, amayi, inkalira ngati thalakitala! Ndaipezanso pabedi, m'bulangeti. Mukufuna kuotcha nyumba?"

Mayiwo adazyolika. Chimwalirireni amuna awo a Stan, ankagoneka laputopuyo mbali ya bedi imene malemuwo ankagona. Ankayatsa masewera awo oyendetsa ndege kuti izitentha ndi kuliza mkonono ngati eni ake. Zoterezi munthu ungauze mkamwini?

"Ndimaonerapo zanyengo," adanama chapansipansi.

"Zanyengo zokha? Ndiye simudzaimvanso ikulira mpaka kalekale!"

Trevor adawapsompsona patsaya, n'kutuluka akuimba mluzu.

Tsono ndiyankheni inuyo: mwamuna mmodzi yemweyo, munthu amuike m'manda kangati?