Odi pa Chipinda cha Mabuku a Adokotala

Mwezi wathunthu unatha Estele, mwana wa Jailosi, osaponda pansi. Miyendo inatupa, tsitsi linafiira, phala ankangolavula.

"Inu mumatsuka zilonda ku mishoni, Chingerezi mumawerenga," anatero mkazi wa Jailosi madzulo ena. "Mabuku a adokotala sanena chakudya choti timupatse mwanayu?"

Adokotala achizunguwo anali atamwalira ndi malungo, ndipo kiyi wa chipinda chawo cha mabuku ankasunga Jailosi yemweyo. Anayatsa nyali n'kulowa m'nkhungu ya chiperoni, phiri la kumishoniko losaoneka n'komwe.

Chitseko anachipeza chokiya. Anatsekula, koma pakamwa panazolowera ulemu, poti pakhomo limeneli anali asanalowepo osaodira.

"Odi!"

"Lowani," anayankha mawu aang'ono m'katimo.

Jailosi anakweza nyali n'kulowa. M'chipindamo munalibe munthu. Patebulo panali buku lomwe ankalifunalo, lotsegula kale pa matenda otupitsa ana, ndipo pansi panali timapazi tonyowa, totupa, tochokera pakhomo mpaka pampando.

Tsamba la bukulo linatembenuka lokha.

"Ababa," mawu aja anatero pafupi ndi bondo lake, "mwachedwa. Amayi akulira kunyumba."