Mpando Wakutsogolo wa Tawina

Elube anamuchenjeza mwamuna wake Daisoni kuti asadzayerekeze kuyeza galimoto ya wachibale, koma iye anangoseka. Lamulo linkati wofuna chiphaso choyezera magalimoto akweze mwana wake kutsogolo m'galimoto yoyamba imene waivomereza, mpaka itatsika phiri.

Madzulo ena Daisoni anafika akumwetulira mokakamiza. "Ndakhoza, mayi a Tawina. Kwangotsala ulendo wa mawa."

"Galimoto yake ya ndani?"

"Minibasi ya amalume."

Elube anaimika simbi yositira pambali pa kadiresi ka Tawina. Minibasiyo ankaidziwa bwino. Pasiteji kondakitala ankaitchinga ndi mwala kuti isabwerere.

"Mabuleki munawaponda, bambo a Tawina?"

"Amagwira, ukapopa kawiri." Anazyolika. "Sukulu anandiphunzitsa ndi amalume. Ndikanawakana bwanji pagulu?"

Panja Tawina ankanyadira kwa anzake kuti mawa akhala pafupi ndi adalaivala.

Elube anamutenthetsera mwamuna wake madzi osamba ngati masiku onse, misozi ikugwera m'ndowa. Kadiresi kaja sanakapachike pamsomali. Anakamanga m'chitenje pamodzi ndi tinsapato. Tambala asanalire adzabereka mwana wake kumsana, ulendo wa kwa amayi ake, wapansi.