Imelo ya Penshoni ya Malemu

"Tumizani basi, alamu! Mukufuna penshoni ya achimwene ipite?" anakalipa mlamu wa mayi wamasiye, ataimirira kumbuyo kwa mpando.

Mayi wamasiyeyo anawerenganso imeloyo pafoni yake. Imati yachokera kukampani kumene malemu mwamuna wake ankagwira ntchito, ndipo imafuna nambala ya chitupa chake ndi nambala yachinsinsi ya kubanki dzuwa lisanalowe.

"Ndi kampani yanji yopempha nambala yachinsinsi, n'kumathamangitsa munthu ngati nyumba ikupsa? Taonani adiresi yakeyi, dzina la kampani mulibemo!"

"Mwayamba kukayikira mabwana? N'chifukwa chake achimwene ankadandaula za liuma lanuli!"

Mayiyo anaimba foni kukampani kuja, ndipo mlembi anamuuza kuti iwo sanatumize imelo iliyonse.

Apo ndiye anapsa mtima. Mwezi usanathe chiikireni maliro, wina akufuna kale kulanda ana ake chakudya kukamwa! Anayankha imeloyo: "Wakuba iwe, ulibe manyazi? Ukubera ndi amasiye omwe?" Anatumiza.

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba la mlamu uja.

Mayiyo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Tawerengani mokweza, alamu. Mwina ndi mabwana aja."