Matabuleti pa Mapazi a Saraswati

"Pang'onopang'ono, ansembe, mungaswe galasi!" anakuwa Mayi Pramanik, mphunzitsi wa sitandade 5.

Ansembe Tarapada sanacheuke n'komwe. Anaviika chala mu utoto wofiira wodalitsira n'kudinda tabuleti yachitatu, kakompyuta ka m'manja kaja, pakati penipeni. Linali tsiku la Saraswati, mulungu wamkazi wa maphunziro, tsiku loti mabuku onse agone pamapazi a chifanizo chake, munthu osawerenga ngakhale chilembo chimodzi. Chaka chino mabukuwo anali m'matabuleti makumi anayi, amene chifikireni pasukulupo, ahedi ankangowatsekera m'kabati poopa kuti ana angawawononge.

Tabuleti iliyonse ikadindidwa inkayaka n'kulonjera: "Takulandirani! Tiyeni tiyambe masamu."

"Ana inu, tsinzinani!" anatero ahediwo, a Mondal, thukuta lili kamukamu. "Wowerenga lero asadzandilirire akalephera mayeso!"

Ana onse anatsinzina. Ansembe anapitiriza kudinda, matabuleti akufunsa mafunso opanda wowayankha.

Patatha milungu iwiri kunabwera kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro. Makina akumeneko anaonetsa kuti m'boma lonse, sukulu yawo yokha ndi imene inagwiritsa ntchito matabuleti onse, pa holide ya Saraswati pomwe. Mayi Pramanik ankaitanidwa kumzinda kuti akagawireko aphunzitsi anzawo luso limeneli.

"Ndiye ine ndikanena chiyani kumeneko, ahedi?"

A Mondal anakhoma kabati ija, kiyi n'kuponya m'thumba.

"Musavutike, mayi. Ingotenganani ndi ansembe. Koma muwakumbutse asaiwale utoto."