Chigongono cha Nagama

Ine ndayenda. Ndagulitsa matayala ku Joni, ndakwera sitima ku Beira, koma mkazi wamakani ngati Nagama wanga sindinamuone.

Nyamakazi itamudya chigongono mpaka dzanja kulephera kufika pakamwa, dokotala wamakina wa m'mudzi mwathu anati asankhe: kupala mafupa koma ululu n'kudzabweranso, kapena kuika chigongono chachitsulo ululu n'kutheratu. Anasankha chitsulo. Tsono lamulo la masiku ano ndi loti chitsulocho chimalira ukanyamula cholemera kuposa ketulo, ndipo chikamalira kawirikawiri achipatala amachikhoma, mkono osapindikanso.

Tinazolowera. Ndinamugulira timapoto ting'onoting'ono, tokongola kuposa ta aliyense kuno. Koma mdzukulu wathu Ulemu atayamba kukwawa, ankakwezera manja agogo ake.

"Nagama, musayerekeze!"

"Angozo, mwana akulira, ine ndizingomuyang'ana ngati chithunzi?"

Anamunyamula. Chitsulo chinalira, mwana analira, Nagama nayenso misozi mbwee.

"Weramani," ndinatero. Ndinamukhazika mwanayo kumsana kwake, n'kukulunga chitenje. Mfundo yanga inamasuka pomwepo.

"Dziko lonse munayendali, kubereka mwana sanakuphunzitseni?"

"Ku Joni amamanga chonchi, mayi."

"Bodza! Pititsani kunsi kwa khwapa, mukoke."

Ndinakoka. Anaweramuka pang'onopang'ono, tonse titatchera khutu. Chigongono chinangoti zii. Ulemu anatsamira pakhosi pa agogo ake, ndipo Nagama anatuluka naye kumsewu kuti amayi anzake onse amuone.